Tsiku limene ankhoswe anakhala kumbuyo

Ana anga, Tamanda ndi Yamikani, mwakhala mukundifunsa kuti ntchito imene ndinkalawirira tsiku ndi tsiku inali yotani kwenikweni, popeza simunandionepo nditagwira jakisoni. Iwe Yamikani uli wamng'ono unkauza anzako kusukulu kuti amayi ako amalipidwa chifukwa chomvera miseche. Sindinakukwapule, chifukwa sunaphonye kwambiri, kungoti miseche yakeyo sindinkapita nayo kulikonse. Tsopano ndapuma, ndili phee kuno ku Msongwe, mu Mzuzu momwemuno, ndiye ndilembe. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndakuuzani mpaka kukutopetsani. Pano ndikufuna mudziwe za kachipinda kanga, ndi za banja lina limene linatsala pang'ono kutha ine ndikuona. Eni ake anandilola kulemba, koma maina ndasintha.

Chaka chimene Tamanda anayamba sukulu

Ndinayamba ngati namwino wa odwala matenda a maganizo kummwera, kenaka boma linanditumiza kukaphunzira uphungu, ndiye kuti kuthandiza munthu pokambirana naye, popanda mankhwala. Nditamaliza anandiuza kuti ndikufunika ku Mzuzu. Tinafika mwezi wa Juni ndi bambo anu, katundu ali pa lole, mvula yowaza ikugwa ngati sidziwa kuti dzinja linatha. Kuzizira kwake, abale! Ndinagona ndi juzi sabata yonse, ndikudzifunsa kuti ndinalakwira ndani ku likulu. Mkulu woyendetsa chipatala anali a Mhango, munthu wamtali, waulemu, koma wosakhulupirira chinthu chimene sichilowa m'botolo. Anandilandira bwino, "Monire, Sisita, mwafika makora?" Ine Chitumbuka ndinalibe ngakhale chogulira tomato, ndinangoti zikomo. Atamva ntchito yanga anakanda m'mutu. "Ndiye kuti mukufuna chipinda chongochezeramo?" Ndinati eya, ndi chitseko chotsekeka. Anandipatsa kachipinda kosungiramo mabedi othyoka, kuseri kwa malo ochapira. Ndinatulutsa zitsulo zija ndekha, ndinakolopa, ndinapempha mipando itatu ku tchalitchi kwathu. Umodzi unali wopendama, ndiye ndinkakhalapo ine kuti odwala asagwe.

Miyezi yoyamba anthu ankalowa, n'kukhala, n'kudikira kuti ndilembe mankhwala. Akaona kuti ndikungofunsa mafunso ankadzuka mwaulemu, "Yewo chomene, mama," osabweranso. Anamwino anzanga ankanditcha Sisita wa nkhani. Zinkandiwawa, sindibisa. Koma ndine wouma mutu, inu mukudziwa. Ndinaphunzira Chitumbuka kwa amayi ogulitsa nthochi pachipata, amene ankandiseka mpaka kugwetsa misozi, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuona chinthu chimodzi. Ambiri amene ankabwera ndi mutu wosatha, ndi chifuwa chothina, ndi kusowa tulo, matenda awo ankagona nawo nyumba imodzi. Ndinayamba kuwauza kuti ulendo wina abwere ndi amuna awo kapena akazi awo. Akabwera awiri, aliyense ankayang'ana ine n'kumati, "Muwauze awa kuti ndatopa nazo." Munthu ali pomwepo, maondo atsala pang'ono kugundana! Ndiye ndinatembenuza mipando iwiri ija kuti iziyang'anana, wanga wopendama uja n'kuuika pambali. Lamulo langa linali limodzi, lakuti ali pamaso panu, auzeni nokha.

Chaka chimene denga linadontha

Chaka chimenecho chinali chovuta. Mapepala kunalibe, magetsi ankazima nthawi imene afuna, ndipo ndinkaika beseni pakati pa chipinda kuti lilandire madzi a padenga. Anthu ankalira, beseni nalonso likuti tho, tho. Ndi nthawi imeneyo pamene dokotala wina ananditumizira Mayi Kamwendo, atawapima zonse osapeza kanthu. Anali mayi wachitsikana wa ku Dowa, amuna awo mlangizi wa zaulimi amene boma linawatumiza kuno, ndipo ankakhala ku Zolozolo. Anali woonda, wovala mwaudongo, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu. Maulendo angapo oyamba tinangokamba za mutu wawo. Ulendo wina ndinafunsa ngati ali ndi ana. Anayang'ana beseni lija, n'kuti, "Analipo mmodzi. Madalitso. Tinkangoti Mada."

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Mwanayo anali atangoyamba kuyenda pamene anatupa nkhope ndi miyendo. Bambo ake anali ku ntchito kumidzi ya ku Mzimba. Pamene ankafika naye kuchipatala zinthu zinali zitaipa, madokotala anati ndi impso, ndipo mwana anamwalira. Anakamuika ku Dowa. Kumaliro kuja azakhali a Mayi Kamwendo anawakokera kuseri kwa nyumba n'kuwanong'oneza kuti, "Mwana wanga, kutupa kumeneku si kwa chipatala. Ili ndi tsempho." Inu ana a m'tauni mwina simudziwa. Kwathu kuchigawo chapakati akuluakulu amati mwana wamng'ono akatupa chotero ndiye kuti bambo ake ayenda ndi mkazi wina, amusempha mwanayo. Mayi Kamwendo anali wopemphera, sukulu anapitako, ndipo poyamba sanafune kukhulupirira. Koma atabwerera ku Mzuzu anaona kuti amuna awo sakuwayang'ananso m'maso. Ankaweruka mochedwa, ankagona pa mpando pabalaza. "Sisita, munthu wosalakwa amathawa nkhope ya mkazi wake?" Ndinafunsa ngati anawafunsapo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iii, ine? Nkhani ngati imeneyo mkazi safunsa yekha. Amafunsa ndi ankhoswe." Nkhoswe yawo inali malume awo, a Mbewe, amene anali ku Dowa ndipo anati adzabwera maliro akazizira. Zaka ziwiri zinali zikukwana, munthu akudikira ndi funso lake pakhosi.

Ndinawapempha kuti ndiitane amuna awo. Anavomera, koma anandigwira dzanja. "Za tsempho musawauze. Lonjezani." Ndinalonjeza, chifukwa ndiyo ntchito yathu. Chimene munthu wakuuza ali yekha ndi chake, sungachipereke kwa wina ngakhale utaona kuti chingathandize. A Kamwendo anabwera okha tsiku lina masana, nsapato zili matope, chipewa cha njinga yamoto chili m'manja. Anakhala kunsonga kwa mpando ngati aitanidwa kupolisi. Tsiku loyamba sananene kanthu kupatula za mitengo ya feteleza. Ulendo wachiwiri ndinangotchula dzina la Mada, bambo uja n'kugwira kumaso. Anandiuza kuti tsiku limene mwana anayamba kutupa, mkazi wake anawaimbira foni. Iwo anayankha kuti, "Dikirani ndibwere mawa, tipite limodzi." Ankaganiza kuti ndi zazing'ono. Mawa lakelo mvula inagwa, mlatho unasefukira, njinga inafa, ndipo anafika patapita masiku. "Ndinamuuza kuti adikire, Sisita, ndipo anandimvera. Ndimuyang'ana bwanji? Akandiona amaona munthu amene anachedwetsa mwana wake." Nawonso anamaliza ndi mau omwewo, akuti ndisawauze akazi awo zimene anandiuzazo, ngakhale zoti analira.

Ndiye taonani mmene zinalili. Ine ndinali ndi mbali zonse ziwiri za nkhani, ina m'khutu ili, ina m'khutu ili, ndipo pakamwa panga panali pomangidwa. Ndikawakhazika pa mipando yoyang'anana ankakamba za lendi ndi za makala. Ndinaonanso kuti saitanana. Kale ankati amake Mada, abambo ake a Mada, monga timachitira tonse. Mwana atapita dzina lija linayamba kuwotcha, ndipo analibe lina. Ankangoti "inu", kapena kutsokomola kuti mnzake atembenuke. Ndinkabwera kunyumba mutu utaima, bambo anu n'kumandifunsa kuti ndadya chiyani chondikwiyitsa. Ndinkadziuza kuti tipita pang'onopang'ono, nthawi ilipo.

Nthawi inalibe. Lolemba lina m'mawa ndinapeza Mayi Kamwendo atandidikira pakhomo la kachipinda kanga, maso ali psuu. Amalume awo anali atafika Loweruka, pamodzi ndi mkulu wawo wa a Kamwendo, amene anali nkhoswe ya kuchimuna. Sanabwere kudzafunsa. Kumudzi nkhani inali itapsa kale, ndipo a Mbewe anabwera kudzatenga mwana wa mlongo wawo. Zikwama zinali zomanga, basi inali ya mawa lake. "Ndabwera kudzatsazika, Sisita." Ndinawafunsa kuti, "Inuyo mukufuna kupita?" Anati, "Ndikufuna kudziwa. Ndikapita osadziwa ndidzafa nalo funsoli." Ndinati nanga bwanji osafunsa lero, amalume ali pompano? Anapukusa mutu. Kunyumba, anati, akuluakulu akakhala pansi amalankhula okha, iwo amangogwada pakhomo n'kumva chigamulo.

Apa ndi pamene ndinagwira njakata. Kusukulu anatiphunzitsa kuti achibale asalowe m'chipinda cha uphungu, chifukwa akalowa munthu amasiya kunena zake n'kuyamba kunena zokondweretsa akulu. Ndinali nditasunga lamulo limenelo zaka zonse, ndinabwezapo apongozi ambiri pakhomo. Koma apa panali mayi amene sakanatha kufunsa popanda nkhoswe, ndiponso sakanatha kufunsa nkhoswe ikulankhula. Njira ina inali yachidule, kungoswa lonjezo n'kuuza aliyense zimene mnzake anandiuza. Ndinaiganizira, sindinama. Koma ndikanatero, akanamva kwa ine, osati kwa wina ndi mnzake, ndipo mawa lake akanafunanso munthu wapakati. Ndinafunsa Mayi Kamwendo ngati angalole kuti ankhoswe abwere kwa ine. Anavomera. Ndinaimbira a Kamwendo ku ofesi, nawonso anati, "Chilichonse, Sisita, zatha kale."

Ndinapita kwa a Mhango kukapempha benchi. Atamva chifukwa chake anavula magalasi. "Yayi, Sisita. Muno ndi m'chipatala, si bwalo la milandu. Anthu akumudzi akakwiya amakweza mau, ena amakweza ndodo. Akamenyana muno ndidzayankha ndine." Ndinati, "Bwana, mukandikaniza, mayi uja akwera basi mawa ndipo mutu wake uja adzaupititsa ku chipatala cha kwawo. Mwandisunga kuseri kwa malo ochapira zaka zonsezi, sindinakupempheni kanthu. Lero ndikupempha benchi." Anavalanso magalasi aja. "Ndinu wovuta chomene, mukudziwa?" Ndinati ndikudziwa, bambo a ana anga amandiuza tsiku lililonse. Anaseka osafuna, n'kuti, "Tengani. Koma zikavuta, kachipinda kaja ndibwezeramo mabedi."

Anafika masana, onse anayi. A Mbewe anali bambo wachikulire wa jekete lakuda, wolankhula mwaulemu koma wozolowera kumveredwa. Atalowa anapita molunjika pa mpando wapakati. Ndinati, "Pepani bambo, umenewo ndi wa mwana wanu. Inu ndi anzanu mukhala pa benchi apo, kumbuyo." Anaima chilili. "Mayi, ine ndamanga maukwati ambiri. Nkhoswe sikhala kumbuyo." Ndinamwetulira. "Lero mukhala kumbuyo kwake kuti akagwa mumugwire. Mulankhula, ndithu mulankhula, koma ayambe ndi eni banja. Mwayenda ulendo wautali, simungafune kumva kaye?" Anayang'ana mnzawo uja, anakoka jekete, n'kukhala. Benchi linalira.

Mayi Kamwendo anatembenukira kwa ine. "Sisita, muwafunse kuti..." Ndinawadula. "Ali pamaso panu. Amalume ali kumbuyo kwanu, mwambo wakwana. Afunseni." Beseni lija linkangoti tho, tho. A Mbewe anakonza kukhosi kuti athandize, ine ndinakweza dzanja osawayang'ana n'komwe, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene ndinatenga kulimba mtima kumeneko. Kenaka mayi uja anadzutsa mutu. "Ulendo wa ku Mzimba uja, munali ndi ndani?" A Kamwendo anachita ngati sanamve bwino. "Ndinali ndi ndani? Ndinali ndi njinga yakufa ndi mvula. Bwanji?" "Kumudzi akuti munamusempha mwana." Bambo uja anayang'ana mkulu wake pa benchi, mkulu wakeyo n'kuzolika. "Achimwene, nanunso munkadziwa? Nonse munkadziwa, ine ndekha ayi?" Anabwerera kwa mkazi wake. "Zaka ziwiri mwakhala mukundiphikira, mukuganiza zimenezi? Sindinayende ndi munthu ine. Mulungu akundimva, amalume akundimva."

"Nanga munkathawiranji maso anga?" Apa mayi uja sanalankhulenso motsitsa, ndipo ndikhulupirira kuti ochapa kuseri anamva. "Munkagoneranji pabalaza ngati mlendo? Ndinaika mwana ndekha, ndinabwera kudzalira ndekha!" A Kamwendo anatsika pa mpando, n'kukhala pansi pa simenti, bambo wa tayi. "Chifukwa ndinakuuzani kuti mudikire. Munandiimbira, ine ndinati dikirani. Mukanapita tsiku lomwelo..." Mayi Kamwendo anawayang'ana ngati akuwaona koyamba. "Ndiye chimenecho? Inu, miyendo ndinali nayo ine. Chipatala ndinkachidziwa. Ndinadikira ndine, ndipo tsiku lililonse ndimadzifunsa chifukwa chake." Analira onse awiri, kulira kumene kunayenera kuchitika ku Dowa. Ine ndinangokhala pa mpando wanga wopendama. Atatonthola pang'ono ndinawauza zimene dokotala amene anaona Mada anandilola kunena, kuti matenda a impso aja anali aakulu, ndipo palibe angalumbire kuti kufulumira kukanamupulumutsa. Sindinawauze kuti tsempho kulibe kapena liliko. Sindinali ku Mzimba, ndipo sinali ntchito yanga kugamula. Mkazi anayang'ana mwamuna wake m'maso, anamufunsa yekha, ndipo anakhulupirira zimene anaona.

Ndipamene ndinatembenukira ku benchi. "Bambo, tsopano ndi nthawi yanu." A Mbewe anapotokola chipewa chawo. "Ine ndinabwera ndi chigamulo m'thumba," anatero. "Tinamva za kumaliro, munthuyu sitinamufunse. Tinasiya ana okha kutali kuno ndi chisoni, tikuti maliro azizire, osadziwa kuti kukuzizira ndi nyumba. Esinati, mwana wa mlongo wanga, basi ndi ya mawa. Ukwera kapena utsala? Unene wekha, poti lero ndi tsiku lonena wekha." Mayi uja asanayankhe, a Kamwendo ali pansi pomwepo anati, motsitsa, "Amake Mada." Dzina limene linali lisanamveke m'nyumba mwawo chiikireni mwana. Mayi Kamwendo anatseka maso. "Itananinso." "Amake Mada, musapite." Anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje, n'kuti, "Amalume, mukapereke moni kumudzi."

Potuluka ndinapeza a Mhango ataima pakhonde, akunamizira kuyang'ana paipi yodontha. Anaona anthu anayi akutuluka, palibe wamagazi, a Mbewe akundigwira dzanja ndi manja awiri. Anthuwo atapita, a Mhango anandiyandikira. "Sisita, mwawapatsa mankhwala anji?" Ndinati benchi lanu lomwelo, bwana. Sabata yotsatira anatumiza anthu kudzakonza denga.

Zaka zotsatira, mpaka chaka chimene Yamikani anakwatira

Musaganize kuti zonse zinatha tsiku limenelo. A Kamwendo ndi akazi awo anabwerabe miyezi yambiri, ndipo masiku ena ankatuluka atakwiyirana. Koma ankakwiyirana akuyang'anana, ndipo zimenezo ine ndimazitcha kuchira. Benchi lija silinabwererenso kwa a Mhango. Ndinayamba kuligwiritsa ntchito pamene eni banja avomera, osati nthawi zonse, chifukwa pali nkhani zina, monga za nkhanza, zimene zimafuna chitetezo osati benchi, ndipo pali maukwati ena amene ndinawathandiza kutha mwamtendere. Koma ambiri anakhalapo. Anakhalapo amalume a ku Dedza, azakhali a ku Nkhata Bay, akuluakulu a mipingo ochokera ku Kaning'ina amene poyamba ankati ndikuwalanda ntchito, kenaka n'kumabwera kudzafunsa mmene ndimaikira mipando. Akuluakulu a chipatala anandisamutsira m'chipinda cha mawindo awiri, anandipatsa achinyamata oti ndiwaphunzitse, ndipo amene ankanditcha Sisita wa nkhani anayamba kugogoda okha, mwakachetechete, nthawi ya nkhomaliro. Ndikunyada, ana anga, ndipo sindipepesa. Ndinalowa m'kachipinda ka mabedi othyoka, ndinatuluka nditasiya ntchito imene ikuyenda popanda ine.

Tsiku londitsazika munalipo nonse, koma munali otanganidwa ndi kujambula, ndiye ichi simunachione. Mwambo utatha, ndikupita ku galimoto ndi mphatso zanga, ndinaona bambo wa imvi akudutsa pakati pa anthu, akukoka ana atatu ovala yunifolomu. Anali a Kamwendo. Anandiuza maina a anawo mmodzimmodzi, ndipo panalibe Mada pakati pawo, dzinalo sanalipatsenso wina. Ndinafunsa kuti mayi ali kuti. Anatembenuka, n'kukuwa pamaso pa anthu onse aja, mopanda manyazi ngati munthu woitana mkazi wake kumunda.

"Amake Mada! Fulumirani, Sisita akupita!"

Ndipo ndinawaona akubwera chothamanga, atanenepa, akuseka, chitenje chikuwavuta.